Kachizindikiro kachikasu: madalaiva ndi makompyuta akale amene amatifika kuno kum'mawa

Mvula yoyamba ya 2024 itangogwa, ahedi a sukulu ina ya kumsewu wa ku Chadiza anandiimbira foni, mawu ali pansi. Ofesi ina ya ku Lusaka inali itawapatsa makompyuta 14 amene inasiya kugwiritsa ntchito, ndipo makinawo anayenda msewu wonse wa Great East atakulungidwa m'mabulangete. Mnyamata wina wa m'tauni anaikamo Windows 10, analandira yake, n'kubwerera. Makina onse ankayaka. Koma pa ena zilembo zinali zikuluzikulu ngati za pachikwangwani cha golosale, ena sankatulutsa mawu, awiri ankangoyaka n'kuonetsa sikirini yabuluu, ndipo pulinta ya muofesi, imene yatumikira sukuluyo zaka zambiri, inkayatsa kagetsi kake n'kungokhala duu.

"Bambo, kapena anthuwa anangotitayira zinyalala zawo?" anandifunsa choncho.

Nditafika ndinaona kuti zinyalala palibe. Makina 6 anali HP Z400, 3 anali Dell Precision T3500, ndipo 5 otsalawo anali Dell OptiPlex 780. Mitundu iwiri yoyambayo ndi imene amisiri amatcha workstation. Inatuluka mu 2009, ndipo sinapangidwire kulemberapo makalata. Inapangidwira ojambula mapulani a nyumba ndi milatho, akatswiri a mapu, okonza zithunzi zoyenda, anthu amene amasiya makina akuwerengera usiku wonse iwo ali mtulo. N'chifukwa chake muli purosesa (ubongo wa makina) ya Xeon, muli RAM (mosungira zimene makina akugwira pa nthawiyo) ya mtundu wa ECC imene imadzikonza yokha kanambala kamodzi kakasokonekera, ndipo bokosi lake n'lolemera moti umalinyamula ndi manja awiri. Chitsulo chotere sichifa msanga. Chimene chimatha msanga ndi kapulogalamu kosaoneka ndi maso kamene kamalumikiza chitsulocho ndi sisitimu. Dzina lake ndi dalaiva.

Ku khoti kuno ku Chipata kumabwera anthu a zinenero zosiyanasiyana: Mnsenga wa ku Petauke, Mtumbuka wa ku Lundazi, Mkunda wa ku Mambwe, Mchewa wa ku Katete. Woweruza amadziwa malamulo, koma sangadziwe chinenero cha aliyense, ndiye pamakhala womasulira. Sisitimu, kaya ndi Windows kaya ndi Linux, ili ngati woweruzayo. Imadziwa kunena kuti "tumiza uthengawu pa netiweki" kapena "jambula mzere pa sikirini", koma tchipi iliyonse ili ndi kamvedwe kake. Tchipi ya netiweki ya Intel ndi ya Broadcom zimagwira ntchito imodzi, koma malamulo amene imodzi imamva, inzake siiwamva ngakhale pang'ono. Dalaiva ndiyo imadziwa chinenero cha tchipi imodzi, kapena cha banja limodzi la matchipi.

Fanizoli limathera pomwepa, chifukwa womasulira wa ku khoti sasunga makiyi a nyumba ya woweruza, pamene dalaiva imasunga. Apa ndi pofunika kumvetsa bwino.

Mkati mwa tchipi iliyonse muli timalo ting'onoting'ono tolembamo manambala, tili ndi maadiresi ake. Ukalemba nambala yakuti pa adiresi yakuti, tchipi imachita chakuti. Tiyeni titenge khadi ya netiweki. Makina akamayaka, dalaiva imapempha kachigawo ka RAM, kenaka imauza khadi kuti, "Uthenga uliwonse ukafika pa waya, uziuika apa." Khadi siidikira purosesa kuti idzanyamule katunduyo. Imalemba yokha mu RAM, njira imene amati DMA, ndipo ikamaliza imaliza belu, lija amati interrupt. Purosesa imasiya chimene inali kuchita, imaitana dalaiva, dalaiva imatola uthengawo n'kuupereka ku sisitimu, purosesa n'kubwerera ku ntchito yake. Izi zimatha kuchitika kambirimbiri pa sekondi imodzi. Tsono taganizani dalaiva italakwitsa adiresi. Khadi idzalemba pamwamba pa zinthu za pulogalamu ina, kapena za sisitimu yeniyeniyo, ndipo palibe woiletsa, chifukwa madalaiva ambiri amakhala m'kati mwenimweni mwa sisitimu, m'chipinda chimene amati kernel. Word ikagwa, mumangoitsegulanso. Dalaiva ya mu kernel ikagwa, imagwa ndi nyumba yonse. Sikirini yabuluu ija nthawi zambiri imachokera pamenepa. Pa 19 July 2024 dziko lonse linaona kukula kwa nkhaniyi: fayilo imodzi yolakwika ya kampani ya CrowdStrike, yowerengedwa ndi dalaiva ya mu kernel, inagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni, malinga ndi chiwerengero cha Microsoft, ndipo ndege zambiri sizinanyamuke tsikulo.

Nanga sisitimu imadziwa bwanji dalaiva yoti ipereke kwa tchipi iti? Siiwerenga dzina lolembedwa pabokosi. Imafunsa manambala. Chipangizo chilichonse cholumikizidwa pa PCI, njira imene Intel inayambitsa mu 1992, chimakhala ndi manambala awiri: ya wopanga ndi ya chipangizocho. Ya Intel ndi 8086, kutengera purosesa yawo ya mu 1978. Ya NVIDIA ndi 10DE, ya Realtek ndi 10EC, ya Broadcom ndi 14E4, ya makhadi a zithunzi a AMD ndi 1002. Pa USB palinso kaundula wina: HP ndi 03F0, Canon ndi 04A9, Epson ndi 04B8, Huawei ndi 12D1. Dalaiva iliyonse imabwera ndi mndandanda wa manambala amene imawadziwa. Makina akamayaka, sisitimu imaitana mayina ngati mphunzitsi m'mawa, chipangizo chilichonse chimayankha nambala yake, ndipo sisitimu imafufuza dalaiva imene ili ndi nambalayo. Ikaisowa, mu Device Manager, mndandanda wa zipangizo wa pa Windows, mumatuluka kachizindikiro kachikasu kaja.

Ndiye ntchito yanga yoyamba pa sukulupo sinali kukopera kanthu pa intaneti. Inali kutenga kope ndi cholembera. Pa chipangizo chilichonse chachikasu ndinkatsegula Properties, kenaka Details, n'kusankha Hardware Ids, n'kulemba zimene zili pambuyo pa VEN ndi DEV. Pa Linux lamulo lakuti lspci -nn limaonetsa manambala omwewo onse pakamodzi, ndipo lsusb imachita chimodzimodzi pa za USB. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchitoyi imatopetsa, koma ndi yokhayo imene imakuuzani zoona, chifukwa makina awiri olembedwa dzina limodzi kunja angathe kukhala ndi makhadi osiyana m'kati, makamaka makina oti adutsa m'manja mwa anthu ambiri.

Manambalawo anandionetsa kuti zina mwa zimene zinkadetsa nkhawa ahedi sizinali vuto n'komwe. Pa OptiPlex iliyonse panali zachikasu ziwiri, PCI Serial Port ndi PCI Simple Communications Controller, zonse za nambala 8086. Zimenezi ndi mbali ya Intel AMT, njira imene maofesi akuluakulu amayang'anira makompyuta awo ali patali. Sukulu siizifuna. Mungazisiye zili zachikasu mpaka kalekale, makina adzagwirabe ntchito. Ndimanena izi chifukwa ndaona anthu akuthera bandulo ya mlungu wathunthu kufunafuna dalaiva ya chinthu chimene sadzachigwiritsa ntchito.

Mwina mwadzifunsapo chifukwa chake kiyibodi, mausi ndi fulashi zimangogwira mukazilowetsa, pamene pulinta imavuta. Yankho ndi lakuti opanga zinthu zimenezi anagwirizana chinenero chimodzi. Pa USB pali magulu: kiyibodi ndi mausi zili m'gulu la HID, mafulashi ali m'gulu losunga zinthu, ndipo chilichonse cha m'gulumo chimamva malamulo ofanana, kaya chinapangidwa ndi yani. Dalaiva imodzi imakwanira onse, ndipo imabwera kale m'sisitimu. Makhadi a zithunzi nawo ali ndi kachinenero kakang'ono kamene onse amamva, kokwanira kungoonetsa chithunzi. Windows ikasowa dalaiva yeniyeni imagwiritsa ntchito imene imatcha Microsoft Basic Display Adapter. Zilembo zikuluzikulu zija zinachokera pamenepo: chithunzi chimaoneka, koma khadi imakhala itapinda manja, ntchito yonse yojambula ikugwiridwa ndi purosesa.

Tsopano tifike pa fupa la nkhani: ndani amalemba dalaiva, ndipo amasiya liti?

Ku Windows, mwambo ndi wakuti wopanga chipangizo ndiye amalemba dalaiva. Microsoft imaika malamulo a mmene dalaiva izilankhulira ndi kernel, ndipo imayesetsa kuti malamulowo asamasinthesinthe. Ubwino wake ndi wakuti dalaiva yolembedwera Windows 7 nthawi zambiri imagwirabe pa Windows 10. OptiPlex 780 ndi umboni: Intel sinalembe dalaiva yatsopano ya Windows 10 ya zithunzi za m'badwo wa Core 2, koma ya m'nthawi ya Windows 7 imaloledwa ndipo imagwira. Vuto ndi lakuti malamulowo nthawi zina amasinthadi, ndipo akasintha wopanga yekha ndiye angalembe dalaiva ina, chifukwa ndi iye amene ali ndi zolemba zake. Windows Vista inabwera ndi dongosolo latsopano la madalaiva a zithunzi lotchedwa WDDM, ndipo kuyambira Windows 8 madalaiva a zithunzi a mtundu wa XP analekeratu kuloledwa. Kampani imene inagulitsa khadi zaka 15 zapitazo siipezanso ngwee iliyonse pa khadiyo, ndiye imaika tsiku lomaliza. Makhadi a Quadro FX 580 amene ndinapeza mu ma Z400 ali m'badwo umene NVIDIA inaupatsa dalaiva yomaliza ya Windows mu 2016. Dalaivayo ilipo, ndinaiika, zilembo zinabwerera m'malo mwake. Koma ina siidzabweranso.

Pali zinthu ziwiri zimene zimapunthwitsa ambiri pa Windows. Choyamba, dalaiva ya 32-bit siilowa m'sisitimu ya 64-bit, ngakhale mapulogalamu wamba a 32-bit amayenda bwinobwino. Chifukwa chake ndi chija tanena kale: dalaiva imakhala m'chipinda chimodzi ndi kernel, ndiye ziyenera kuwerenga maadiresi mofanana. Chachiwiri, kuyambira pa Vista, Windows ya 64-bit imafuna kuti dalaiva ya mu kernel ikhale yosainidwa, kuti zidziwike amene anailemba. Sidi ya pulinta imene ahedi anasunga mosamala mu kabati inali ya m'nthawi ya XP, ya 32-bit. Inalibe cholakwa, inangokalamba.

Ku Linux mwambo ndi wina. Kernel imene Linus Torvalds anayamba ali wophunzira ku Helsinki mu 1991 imasunga madalaiva ambiri m'nkhokwe imodzi ndi kernel yomweyo, zolemba zake zili poyera. Malamulo a m'kati amasintha kawirikawiri, koma amene wasintha lamulo amayenera kukonzanso madalaiva onse amene lamulolo lawakhudza. Zotsatira zake n'zakuti dalaiva ikangolowa m'nkhokwemo, imakula limodzi ndi sisitimu, ngakhale kampani yopanga tchipiyo itatseka zitseko. Nditayatsa OptiPlex ndi fulashi ya Linux Mint, zithunzi zinagwira ndi dalaiva ya i915, netiweki ndi e1000e, mawu anatuluka, osakopera kalikonse. Ma Z400 ndi ma T3500, amene netiweki yake ndi ya Broadcom, anagwira ndi tg3. Kwa ife amene bandulo ndi ndalama ya ndiwo, ichi si chinthu chaching'ono.

Komatu ndisakometse mopitirira. Mwambo wa Linux umaluma kwambiri dalaiva imene ili kunja kwa nkhokwe. NVIDIA inasunga zolemba za madalaiva a makhadi akalewa mwachinsinsi, ndipo mndandanda wa 340, umene Quadro FX 580 imafuna, unalandira kukonzedwa komaliza kumapeto kwa 2019. Kernel inapitiriza ulendo, dalaiva inatsala panjira, ndipo lero kuiika pa Linux yatsopano ndi ntchito ya zigamba. Chimene chimapulumutsa ndi nouveau, dalaiva imene anthu odzipereka analemba pofufuza okha mmene tchipi imagwirira ntchito, popanda buku la wopanga. Pa kalasi ya sukulu imakwanira: kulemba, kuwerengera, kuonera kanema wa phunziro. Pa ntchito yolemera yojambula siifika pa ya eni ake. Makhadi akale a AMD zinthu zili bwinoko, chifukwa kampaniyo inatulutsa mabuku a matchipi ake, ndipo dalaiva ya radeon ili m'nkhokwe. Wina akandifunsa khadi yoti agule ya makina akale oti aziyendera Linux, ndimamulozera kumeneko mosazengereza.

Linux nayo imataya, ngakhale imachedwa. Purosesa ya 386 inachotsedwa mu kernel 3.8 mu 2013. Itanium inachotsedwa mu 6.7 kumayambiriro kwa 2024. Debian ndi mtundu wina wa Linux, ndipo Debian 13, imene inatuluka mu August 2025, ilibenso kernel ndi choikira cha makompyuta a Intel ndi AMD a 32-bit. Lamulo losalembedwa ndi lakuti dalaiva imakhala ndi moyo malinga ngati pali munthu amene ali ndi chipangizocho pa tebulo lake ndipo ali wokonzeka kuiyesa. Core 2 Duo ndi Xeon wa 2009 zonse ndi za 64-bit, choncho makina a pa sukulu ija adakali ndi ulendo.

Nkhani ya pulinta inanditengera masana onse, ndipo ndi yofunika kuifotokoza chifukwa imaonetsa chinthu china chimene anthu amachisokoneza ndi dalaiva. Dalaiva imayenda pa purosesa ya kompyuta. Firmware ndi pulogalamu imene imayenda m'kati mwa chipangizo chenichenicho, pa katchipi kake. Zipangizo zina zimasunga firmware yawo mpaka kalekale. Zina, pofuna kutsitsa mtengo, zimadzuka mutu uli mbee, n'kudikira kuti kompyuta iziikire firmware nthawi iliyonse zikayatsidwa. HP LaserJet 1020, pulinta yolimba imene mudzaipeza m'maofesi ndi m'malo ojambulitsa mapepala ambiri kuno, ndi ya mtundu umenewu. Magetsi akazima n'kuyakanso, imaiwala zonse, ndipo kompyuta iyenera kuikumbutsa. Ndiponso siimva PCL kapena PostScript, zinenero zimene mapulinta akuluakulu a m'maofesi amamva. Kompyuta ndiyo imakonza tsamba lonse kukhala madontho n'kulitumiza lokonzeka kale. Pa Windows, dalaiva yoyenera ya 64-bit imachita zonsezi mwakachetechete. Pa Linux pali foo2zjs, kapena HPLIP ya eni ake, koma fayilo ya firmware muyenera kuikopera padera kamodzi. Mukamva pulinta ikuzungulira kawiri, koyamba poyatsa, kachiwiri patapita timasekondi, dziwani kuti yalandira nzeru zake.

Pulinta imene imamva PCL kapena PostScript siidalira dalaiva ya wopanga. Dalaiva wamba imaiyendetsa, lero ndi zaka khumi zikubwerazi. Mapulinta atsopano a pa netiweki ambiri amamva IPP, ndipo CUPS, pulogalamu yosindikizira ya pa Linux ndi pa Mac, imalankhula nawo popanda dalaiva yapadera. Pogula pulinta yogwiritsidwapo kale ntchito, funso la chinenero chimene imamva ndi lalikulu kuposa la mtengo wa tona, koma ndi ochepa amene amalifunsa.

Makhadi a Wi-Fi nawo amafuna firmware, ndipo apa pamabuka vuto lozungulira: kuti mukopere firmware mufunika intaneti, kuti mupeze intaneti mufunika firmware. Makhadi akale a Broadcom ndiwo amadziwika nazo, chifukwa dalaiva ya b43 ilipo mu kernel koma firmware yake siiloledwa kugawidwa pamodzi. Njira yachidule ndi kulumikiza foni ya Android ndi waya n'kuyatsa USB tethering. Foni imadzionetsa ngati khadi ya netiweki imene kernel imaidziwa kale. Debian inakhala zaka zambiri osaika firmware yotsekedwa m'choikira chake chovomerezeka, koma mamembala ake anavota mu 2022, ndipo kuyambira Debian 12 ya mu June 2023 firmware yambiri imabwera momwemo. Madongo a intaneti akale a Huawei ndi ZTE, aja tinkagula ndi simu ya Airtel, MTN kapena Zamtel, ali ndi khalidwe lawolawo: ukawalowetsa amayamba adzionetsa ngati sidi yokhala ndi dalaiva ya Windows, ndipo amasanduka modemu pokhapokha atalandira lamulo lapadera, nambala yawo ya USB n'kusinthanso. Pa Linux kapulogalamu ka usb_modeswitch ndiko kamapereka lamulolo.

Makina awiri a sikirini yabuluu aja vuto lawo linali la mtengo wa kabatire kamodzi. Pa bodi iliyonse pali kabatire kozungulira ngati khobidi, CR2032, kamene kamasunga nthawi ndi zosankha za BIOS, kapulogalamu ka pa bodi kamene kamadzutsa makina sisitimu isanayambe, makina akakhala opanda magetsi. Makina akakhala olumikizidwa kukhoma, kabatireko kamapuma. Akakhala miyezi m'sitolo, kapena magetsi akamasowa maola ambiri tsiku ndi tsiku monga zinalili mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, kamagwira ntchito kosapuma, ndipo ka zaka 15 sikapirira. Kakatha, BIOS imabwerera ku zosankha za ku fakitale. Chimodzi mwa zosankhazo ndi mmene hadi disiki imalankhulira: IDE, AHCI kapena RAID. Pa njira iliyonse, tchipi yomweyo imayankha nambala ina ndipo imafuna dalaiva ina. Windows inaikidwa makina ali pa njira imodzi, m'mawa mwake inadzuka n'kupeza nambala yachilendo, ndipo dalaiva yoti iwerengere disiki inali pa disiki yomweyo, yosakonzekeretsedwa kuyamba msanga. Uthenga wake ndi INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE, umene akale amaudziwa ndi nambala 0x7B. Ndinasintha timabatire m'makina onse 14, ndinabweza chosankhacho, makina anadzuka. Kabatire komweka kakatha, deti imabwerera m'mbuyo zaka zambiri, ndipo masamba a pa intaneti amakana kutseguka chifukwa ziphaso zawo zimaoneka ngati sizinayambe kugwira ntchito. Ambiri amathamangira kunena kuti ndi vairasi.

Pamene ndinali kulemba manambala m'kope, mphunzitsi wina wachinyamata anandionetsa fulashi yokhala ndi pulogalamu ija yolonjeza kupeza madalaiva onse ndi kudina kamodzi. Ndinamupempha kuti asaiike. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ena mwa mapulogalamu otere amabweretsa zotsatsa malonda ndi zina zimene simunapemphe, ena amaika dalaiva ya tchipi yofananako koma yosiyana, ndipo kumbukirani kuti chilichonse cholowa ngati dalaiva mwachipatsa makiyi a nyumba yonse. Malo oyenera ndi tsamba la wopanga makinawo, kumene Dell imafunsa Service Tag ndipo HP imafunsa nambala ya makina, kapena tsamba la wopanga tchipi, kapena Microsoft Update Catalog, kumene mungafufuze ndi manambala aja a VEN ndi DEV. Mukakopera kamodzi, sungani. Makampani amachotsa mafayilo a makina akale pa masamba awo, ndipo tsiku limene mudzaifunenso mwina siidzakhalapo.

Pali mbiri ina imene imandibwerera m'mutu ndikamagwira makina ngati awa. Mawu akuti workstation asanafike pa mabokosi a Xeon, ankatanthauza makina a Sun, Silicon Graphics, DEC ndi HP, amene kampani imodzi inkapanga zonse: chitsulo, sisitimu ya Unix, ndi madalaiva. Mwini Silicon Graphics Indy ya mu 1993 sankasaka dalaiva. IRIX, sisitimu yake, inkadziwa chilichonse cha m'bokosilo chifukwa zonse zinabadwira nyumba imodzi. Zinali zokoma, mpaka nyumbayo itagwa. IRIX yomaliza, 6.5.30, inatuluka mu 2006, ndipo kampaniyo inagulitsidwa mu 2009. DEC inamezedwa ndi Compaq mu 1998, Sun inagulidwa ndi Oracle mu 2010. Makina ambiri a m'nthawiyo amene akuyakabe lero ndi sisitimu yosamalidwa akuyendera NetBSD, sisitimu yaulere ya banja la Unix imene inayamba mu 1993 ndipo mpaka pano imayenda pa mapurosesa akale a SPARC, Alpha ngakhale VAX, kapena OpenBSD. Anthu a NetBSD analemba madalaiva awo mwanzeru, polekanitsa mbali yodziwa tchipi ndi mbali yodziwa mtundu wa makina, kotero kuti dalaiva imodzi ya khadi ya netiweki imagwira pa makina a mitundu yosiyana kotheratu. Makina amenewo sanafike kuno ambiri, koma zimene zinawachitikira ndi zimene zikuchitikira ma Z400 athuwa, pang'onopang'ono.

Microsoft inasiya kusamalira XP pa 8 April 2014, Windows 7 pa 14 January 2020, ndi Windows 10 pa 14 October 2025. Windows 11 imafuna tchipi ya chitetezo ya TPM 2.0, komanso ngati purosesa ndi ya Intel ikhale ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, ndipo palibe ngakhale amodzi mwa makina 14 aja amene amakwanitsa. Anyamata a m'tauni amadziwa njira zodumphira mpandawu, ndipo pa ma Xeon zimatheka, ngakhale ine sindingaikepo sukulu pa njira imene mwini sisitimu angathe kuitseka tsiku lililonse. Pa Core 2 Duo ndiye nkhani inatha: Windows 11 ya 24H2 imafuna malamulo a purosesa a SSE4.2 amene tchipiyo ilibe, ndipo palibe dalaiva kapena chinyengo chimene chingaike lamulo mu tchipi imene inabadwa yopanda.

Ndiye tinakhala pansi ndi ahedi ndi mphunzitsi wa makompyuta. Iwo ankafuna Word ndi Excel, chifukwa ndi zimene mabuku a ana amaonetsa ndipo ndi zimene aphunzitsi anazolowera, ndipo ndikuona kuti anali ndi mfundo. Mwana amene akugwira mausi koyamba sayenera kusokonezedwa ndi sikirini yosiyana ndi chithunzi cha m'buku lake. Tinagwirizana kuti ma Z400 ndi ma T3500 akhale ndi Windows 10 m'kalasi, osalumikizidwa ku intaneti, chifukwa sisitimu yosasamalidwa ngozi yake yaikulu imalowera pa intaneti ndi pa mafulashi. Ma OptiPlex asanu tinaikamo Linux Mint, ndipo ndi okhawo amene amapita pa intaneti: awiri muofesi, atatu m'chipinda cha aphunzitsi. Pulinta tinailumikiza ku imodzi ya muofesi, ndipo CUPS imaigawira kwa zinzake. Pambali pa bokosi lililonse tinamata kapepala kolembapo manambala a makhadi ake ndi njira ya disiki ya mu BIOS, ndipo madalaiva onse ali pa mafulashi awiri, ina mu kabati ya ahedi, ina kwa ine.

Chinthu chimodzi chinandikanika: sikana yakale imene inabwera limodzi ndi makinawo. Wopanga anasiyira pa dalaiva ya 32-bit, ndipo nambala yake sindinaipeze pa mndandanda wa SANE, umene umayendetsa masikana pa Linux. Galasi lake n'loyera, nyali yake imayaka, injini imayenda. Ahedi anakana kuitaya. Anaikutira ndi chitenje n'kuiika pamwamba pa kabati, ndipo anandiuza kuti, "Bambo, mukadzapeza kamakina kena ka XP kotayidwa, mudzatibweretsere, tizikagwiritsa ntchito pa sikana yokhayi basi." Mwezi watha ndinakapeza kwa wogulitsa zakale wina pafupi ndi msika wa Kapata, ka Pentium 4, fumbi lokhalokha. Ndakatsuka, ndasinthamo kabatire, ndamata pobowo pa waya wa netiweki kuti wina asadzakalumikize, ndipo Loweruka ndikupita nako ku Chadiza.